Mtengo wa Tsache mu Mzinda wa Mzuzu

Walira mvula walira matope, ndipo anthu a ku Mzuzu amadziwa bwino tanthauzo la mwambiwu. Mvula ya kuno imachedwa kuleka, kotero kuti aliyense wolowa m'sitolo, m'banki kapena mu ofesi amasiya dothi lofiira pakhomo. Pamene Mzuzu unali kamudzi ka anthu olima mitengo ya tung, m'chaka cha 1947, mesenjala mmodzi ndi tsache lake anali okwanira. Koma unasanduka mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 220,000. Tsono lero eni ntchito ambiri amachita pangano ndi makampani osesa ndi kukolopa, nalipira pamwezi.

Kodi mtengo woyenera ndi uti? Tiyeni tiwerengere pamodzi, monga achitira ana m'kalasi. Mu 2024 Boma linakweza malipiro otsikitsitsa a wantchito kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, ndipo mu 2025 linawaika pa K126,000, ngakhale kuti mabizinesi ang'onoang'ono anapatsidwa mlingo wocheperapo. Pamwamba pa malipiro, lamulo la penshoni limalamula wolemba ntchito kusonkha K10 pa K100 iliyonse, ndiponso pali K1 pa K100 ya maphunziro a ntchito zamanja. Potero, pa mlingo wa 2025, wokolopa mmodzi adya K139,860 ya kampani pamwezi, ndipo awiri ayandikira K280,000.

Apatu sitinagule sopo, polishi, ndowa, magolovesi kapena mankhwala a m'chimbudzi. Zambiri mwa izi zimachokera kunja, zina podzera pachipata cha Songwe, zina kuchokera ku Lilongwe ndi Blantyre pa msewu wa M1. Ndipo Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera nayo. Sitinalipirenso kapitao, sitinaikepo phindu la mwini kampani, ngakhalenso msonkho wa VAT.

Nkhani yagona apa. Ngati wina abwera nati adzatumiza anthu awiri tsiku ndi tsiku, sopo ndi zida zili zake, pa mtengo wosafika ngakhale pa malipiro awo, pali amene akulipira chotsalacho mobisika. Kawirikawiri ndi mayi uja wodzuka m'bandakucha ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa, amene malipiro ake achedwa ndipo penshoni yake siperekedwa. Mwinanso ndi sopo amene wasungunulidwa mpaka kusanduka madzi. Mtundu umene unataya anthu oposa 1,700 ndi kolera mu 2022 ndi 2023 suyenera kuchita masewera ndi ukhondo wa m'zimbudzi.

Chifukwa chake tikupempha awerengi athu, makamaka akalaliki ndi aphunzitsi amene amakhala m'makomiti ogula zinthu, kuti asathamangire mtengo wotsika. Funsani kuti adzabwera anthu angati, maola angati, ndipo adzalandira zingati. Onani umboni wa msonkho ndi wa penshoni. Lembani m'pangano amene adzagula zida, ndi chimene chidzachitike malipiro akakweranso. Sitolo yaing'ono ingapeze kuti kulemba munthu wakewake nkotsika mtengo. Nyumba yosanja, yokhala ndi magalasi ndi makapeti, ifuna akatswiri. Njira iliyonse imene mungasankhe, wogwira tsache alandire zimene lamulo linamuikira.