Kodi thupi limalola bwanji chitsulo kukhala m'chiuno?

Ana inu a pa Likoma, munga ukakuthyokerani m'phazi pamatupa, pamatentha, kenako pamachita mafinya. Amenewo amakhala asilikali a m'thupi akulimbana ndi chinthu chachilendo. Nanga zimatheka bwanji kuti agogo aikidwe chitsulo m'chiuno n'kuyenda nacho zaka zambirimbiri popanda mafinya?

Fupa la ntchafu lili ndi mutu wobulungira umene umazungulira m'kadzenje ka fupa la m'chiuno. Nyamakazi ikadya malo amenewa, kapena fupalo likathyokera pakhosi pake, dokotala amachotsa mutuwo. Amalowetsa ndodo yachitsulo mkati mwa fupa, pamwamba pake n'kuikapo kampira kosalala, ndipo m'kadzenje muja amaikamo kakapu ka pulasitiki. Kuno kwathu opaleshoni yotere anachitapo pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chomwe chinatsegulidwa mu 2002. Kwa munthu wa pachilumba ndi ulendo ndithu, woyambira pa sitima.

Si chitsulo chilichonse chimene thupi limalola. Mbedza mukaisiya ponyowa imachita dzimbiri, koma chitsulo chotchedwa titanium chikangokumana ndi mpweya chimadzikuta ndi kachikopa kopyapyala kosaoneka ndi maso, ndipo madzi a m'thupi sachidya. Mu 1952 dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, anachiika m'fupa la mwendo wa kalulu. Pofuna kuchichotsa anapeza kuti chakana: fupa linali litamera n'kuchigwira zolimba!

Chovuta kwenikweni ndi fumbi. Munthu akamayenda, kampira kaja kamapala kakapu pang'onopang'ono, tinyenyeswa n'kumagwera m'minofu. Asilikali aja amatimeza koma amalephera kutigaya. Ndiye amaitana anzawo, ndipo pa chipwirikiti chimenecho fupa la pafupi limayamba kudyeka mpaka chitsulo chimagwedera. Dokotala wa ku England, John Charnley, anaziona yekha zimenezi. Tikapu take toyamba, ta pulasitiki ya Teflon, tinkaperepeseka msanga n'kumavutitsa odwala. Mu 1962 anasinthira ku pulasitiki yolimba yotchedwa polyethylene, imene madokotala akugwiritsabe ntchito mpaka lero, ataiwonjezera mphamvu.

Choncho ngati kwanu kuli wamkulu amene anaikidwa chitsulo chotere, ndipo wayambanso kutsimphina kapena kudandaula ululu m'chiuno, uzani amayi kapena abambo kuti amuperekeze ku chipatala cha St Peter's msanga.