KASUNGIDWE KA BWATO M'NYENGO YA MALIMWE

Kwa inu eni mbumba a kwa Njombwa, okhala m'mbali mwa mtsinje wa Bua.

Mudziwa inu nokha kuti Bua, wocokera ku mapiri a ku Mchinji ndi kukathira m'nyanja ku Nkhotakota, ali ndi makhalidwe awiri. M'dzinja adzaza, ndipo iye wokhala kutali ndi mlatho wa pa mseu wa Lilongwe saoloka popanda bwato, angakhale ali ndi wodwala kapena thumba la kucigayo. Koma pofika Juni madzi ayamba kucepa, ndipo bwato uja aungousiya pamcenga, nauiwala.

Ku maiko ozizira a ku Ulaya anthu aturutsa ngalawa zao m'madzi cifukwa madziwo aundana ngati mwala. Kuno kwathu woononga bwato ndiye dzuwa la Okutobala, pamodzi ndi ciswe ndi moto wa kuthengo.

Cifukwa cace bwato ung'aluka

Mtengo wonyowa utupa, ndipo pouma ufota. Bwato ukakhala padzuwa, kunja kwace kuuma msanga m'kati mukali monyowa. Pomwepo ming'alu iyamba, makamaka kumutu ndi kumbuyo, kumene mtengo unadulidwa. Bwato wokhala theka m'madzi theka pamtunda nawonso suli bwino, pakuti ubvunda pamalire pamene madzi akomana ndi mphepo.

Kumbukirani kuti mitengo yaikuru yosemera bwato yacepa m'dziko lino la Kasungu, popeza minda ya fodya ndi nkhuni zoumitsira fodyayo zinadya nkhalango. Ndiponso lamulo la nkhalango la 1997 liletsa kudula mitengo yotetezedwa, monga mbawa ndi mlombwa, popanda cilolezo. Mbawa wokwanira bwato sukula m'masiku a munthu mmodzi wofulumira. Amene abzala ndi gogo, wosema ndi mdzukulu.

Njira yoyamba: kuumiza

Ngati pali dziwe lakuya losaphwa caka conse, cotsani matope m'bwato, muikemo miyala, muumize wonse, kusatsale mbali yoonekera. Mtengo womira subvunda msanga, ndipo ciswe sicifikako. Muumange ndi unyolo kumtengo wa pagombe. Nchito iyi ndi ya akuru, asapiteko ana, cifukwa m'maiwe a Bua muli ng'ona, ndipo madzi odikha asunga nkhono zofalitsa likodzo. Muuturutse mvula yoyamba isanasefukize mtsinje.

Njira yaciwiri: kuusunga pamthunzi

1. Tsukani bwato, muukokere kumtunda kosafika madzi osefukira.

2. Ikani miyala kapena njerwa pamalo atatu, kutalika kwace mkono umodzi, ndi kubvundikirapo bwatowo, kamwa yace pansi. Usakhudze dothi ai.

3. Pakani phula kumutu ndi kumbuyo, kuti kusaume mofulumira.

4. Mangani kacigafa ka udzu pamwamba pace, kosatseka m'mbali, monga mumangira fodya wa bale. Ngati cigafa canu ciri pafupi, ndipo fodya munagulitsa kale ku Chinkhoma, tengani bwato pangolo muuike momwemo. Musaukulunge m'pepala lakuda la pulasitiki, cifukwa lisunga kutentha ndi cinyezi.

5. Lambulani udzu wonse pozungulira, mapazi khumi mbali zonse, moto wa osaka mbewa ungautenthe.

6. Thirani phulusa patsinde pa miyala, ndipo sabata iri yonse tumani mnyamata akaone ngati ciswe camanga njira zace. Akazipeza aziphwanye.

Nkhafi muzisunge m'nyumba, pamwamba pa mitanda, ana angazisandutse zoseweretsa.

Pamene mvula iyandikira

Mu Novembala, mitambo ikayamba kusonkhana, musadikire tsiku la tsoka. Ikani bwato m'madzi osaya masiku atatu kapena anai kuti mtengo utupe, ndipo ming'alu yaing'ono idzatsekeka yokha. Yaikuru muiphatike ndi nsanza zobviika m'phula lotentha, ndi kukhomerapo kacitsulo kopyapyala. Ngakhale Nowa anamata cingalawa cace ndi phula mvula isanagwe.

Mutatero muuyese. Poyamba alowemo mwamuna mmodzi wodziwa kusambira. Pambuyo pace muikemo matumba a mcenga olemera ngati anthu amene muti muziwaolotsa. Ukalowa madzi, muuturutse, mumatenso. Musayese bwato ndi mai wapakati kapena ana a sukulu.

Bwato ngwa mwini mmodzi, koma aolokera mudzi wonse. Cotero kambiranani ndi a mfumu pabwalo mwezi wa Juni usanathe, mugawane nchito: awa amwete udzu, awa atute miyala, awa asonkhe za phula. Nchitoyi itha tsiku limodzi. Akuru anati madzi akatayika saoleka. Momwemonso bwato wong'aluka pakati sulumikizika, ndipo mtengo wosemera wina simudzaupeza pafupi.