MTEDZA UKAYOYOLA MASAMBA, KODI WAKHWIMA?

Mau okambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe wa ku Chimbiya, m'boma la Dedza

Lero ndifuna kukamba nanu za nthenda za mtedza zimene zimachuluka pamene nyengo yokumba yayandikira. Ku Ulaya mafuta ambiri ophikira amayengedwa ku njere za mbeu ya mtundu wa repu, ndipo minda ya kumeneko imayenderedwa asanakolole kuti aone kukula kwa nthenda. Ife kuno mbeu zathu zamafuta ndizo mtedza, soya ndi mpendadzuwa, ndipo nafenso tiyenera kuyendera minda yathu chomwecho.

Mwezi wa Epulo ukafika ndimamva anthu pa Chimbiya pano alikuuzana kuti, "Mtedza wanga wayoyola masamba, wakhwima, mawa ndikumba." Abale anga, kuyoyoka kwa masamba sindiko chizindikiro cha kukhwima ai. Kawirikawiri imeneyo ndi nthenda.

Nthenda za masamba a mtedza zimene muyenera kuzidziwa ziripo zitatu, ndipo zonse zimadza ndi tinthu tating'ono ta mtundu wa bowa tosaoneka ndi maso. Yoyamba ndiyo mawanga ofiirira ozingidwa ndi kamzere kachikasu. Imeneyi imayamba msanga, mtedza utangotha mwezi umodzi, ndipo ndiyo yavuta kwambiri kuno ku mtunda. Yachiwiri ndiyo mawanga akuda amene amaoneka bwino kunsi kwa tsamba, ndipo imadza mochedwerapo. Yachitatu ndiyo dzimbiri: mukapukuta kunsi kwa tsamba, chala chanu chituluka ndi kaufa kofiira. Ziwiri zomalizazi zimakonda kwambiri malo otentha monga ku nyanja.

Tinthu timeneti timakhala m'zotsalira za mtedza wa chaka chatha ndi pa mtedza womera wokha, tsono mvula ndi mphepo zimatinyamula kufikitsa pa masamba atsopano. Timakula msanga tsamba likakhala lonyowa nthawi yaitali, ndipo inu mudziwa m'mene mame ndi nkhungu zimachedwera kuchoka m'mawa kuno kufupi ndi phiri la Chongoni. Tsamba ndilo khitchini la mbeu. Likagwa nthawi yake isanakwane, njere zimaleka kukula, ndipo mumakumba mphwephwa. Nthenda ikakula zedi mukhoza kutaya ngakhale theka la zokolola zanu.

Tsono mungadziwe bwanji kukula kwa nthenda m'munda mwanu? Musaime m'mbali ndi kungoyang'ana. Lowani, muyende chopingasa kuchokera ngodya imodzi kufika ngodya ina, ndipo muzule mapando 10 m'malo osiyanasiyana. Pa phando lililonse chitani zinthu zitatu. Choyamba, onani tsinde lapakati, muwerenge mfundo zimene zikali ndi masamba ndi zimene zatsala zopanda kanthu. Chachiwiri, kokani makoko pang'ono kuti muone ngati timinsinga togwira makoko ku tsinde tikali tolimba. Chachitatu, swani makoko. Khoko lokhwima limakhala ndi mawanga akuda m'kati mwake, ndipo njere imadzaza bwino. Ngati makoko 7 mwa 10 ali otero, mtedza wanu wakhwima ndithu. Werenganinso masiku kuyambira tsiku lobzala: CG7 amafuna masiku 130 kufikira 150, ndipo Chalimbana nayenso sakhwima msanga.

Mukapeza kuti masamba ambiri akalipo ndipo makoko ali oyera m'kati, dekhani, mukaonenso sabata yamawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma mukapeza kuti masamba atha psiti ndipo timinsinga tayamba kuduka tokha, kumbani msanga, pakuti mbeu yopanda masamba singadzazenso njere, ndipo mukachedwa makoko ambiri adzatsalira m'nthaka. Kuthira mankhwala pa nthawi imeneyi n'kungotaya ndalama. Mankhwala amathandiza mtedza ukali waung'ono, mawanga atangoyamba kuoneka.

Iripo nthenda ina yoopsa koposa, imene sigwira masamba koma njere, ndiyo chuku. Chuku chimalowa m'makoko ong'ambika, obooledwa ndi chiswe kapena otemedwa ndi khasu, makamaka ngati mtedza unavutika ndi ng'amba pamene unali kukhwima. Chimaberekananso msanga mtedza ukasungidwa usanaume. M'chaka cha 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Akatswiri pofufuza anapeza ululu wotuluka m'chuku, umene anautcha aflatoxin. Ululu umenewu umaononga chiwindi, ndipo munthu akamaudya zaka zambiri akhoza kudwala khansa ya m'chiwindi. Sutha ndi kukazinga kapena kuphika, ndipo nthawi zina ulimo m'njere yooneka bwino. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Apa ndifuna amai amvetsetse. Ambiri a ife timasankha mtedza wabwino kupita nao ku msika, ndipo wofota ndi wachuku uja ndiwo timasinja nsinjiro zothira m'phala la ana. Si bwino konse kutero. Njere zotere musadye, ndiponso musapatse nkhuku kapena nkhumba. Zikwirireni m'dzenje.

Kuti mupewe chuku chitani izi. Pokumba samalani khasu lisateme makoko. Sansani dothi, mutembenuze mapando pa mzere makoko ayang'ane kumwamba. Musathothole kufikira njere ziyamba kulira mukagwedeza khoko. Poyanika yalani pa mphasa, osati pa dothi. Sungani mtedza uli m'makoko, matumba ali pa thandala. Ndiponso lekani chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe pofuna kuswa, kapena pa njere kuti zilemere pa sikelo. Madzi amenewo ndiwo amadzutsa chuku. Ogula a ku maiko akunja amayeza ululu uwu asanalandire katundu, ndipo mtedza woipa wa munthu mmodzi umaipitsa thumba la anzake onse.

Chomaliza, zimene mwaona chaka chino zikuphunzitseni za chaka chamawa. Munda umene unagwidwa kwambiri musabzalemonso mtedza, koma muikemo chimanga zaka ziwiri kapena zitatu. Zulani mtedza wonse womera wokha. Bzalani ndi mvula yoyamba yokwanira, pakuti mtedza wobzalidwa mochedwa umakumana ndi nthenda ukali wanthete. Pa Chitedze, kufupi ndi Lilongwe, akatswiri akhala akuyesa mitundu ya mtedza zaka zambiri, kotero funsani mlangizi wanu za mbeu yoyenera dera lanu.

Mawa m'mawa mame akauma, lowani m'munda, muzule mapando 10 aja, muswe makoko, muone nokha.