Atuluka kundende, tsopano ndi aneba anga

Ndakhala m'tauni ina ku England kwa zaka zingapo ndisakudziwa kuti nyumba yanjerwa imene ndimaidutsa popita kokwerera basi si nyumba wamba. Ilibe chikwangwani, makamera okha ali mbwee. Mayi wina woyandikana nane ndiye adandinong'oneza kuti mumakhala anthu ongotuluka kumene kundende, ena a milandu yogwirira, ena yovulaza anzawo. Mtima udangoti myuu. Usiku umenewo ndidadzuka kawiri kukaona ngati ndakiya chitseko.

Nyumba zoterezi amazitcha Approved Premises. Ku England ndi Wales zilipo pafupifupi 100, ndipo zimavomerezedwa potsatira lamulo la Offender Management Act la 2007. Amene amaikidwamo ndi omwe akuluakulu aona kuti akhoza kuvulazanso munthu. Ogwira ntchito amakhalapo usana ndi usiku. Aliyense amayenera kukhala m'kati kuyambira 11 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, ndipo ena amauzidwanso kubwera kudzasaina masana. Amayezedwa ngati amwa mowa kapena mankhwala osokoneza bongo, zipinda zimasechedwa, ndipo wophwanya malamulo akhoza kubwezedwa kundende.

Papepala n'zabwino, eti? Koma mu 2006 pulogalamu ya Panorama ya BBC idajambula mobisa m'nyumba zotere ku Bristol, n'kuonetsa anthu oopsa akuyenda osalondoledwa mokwanira. N'chifukwa chake ine ndimawerenga malipoti a HM Inspectorate of Probation, bungwe loyima palokha limene limayendera ntchitoyi. Oyendera amatsegula mafayilo, amacheza ndi ogwira ntchito komanso okhalamo, kenako n'kulemba zomwe apeza poyera. Aliyense atha kuziwerenga pafoni.

Lipoti lawo la 2017, pamene mkulu wa bungweli anali Dame Glenys Stacey, lidapeza kuti nyumbazi zimateteza anthu bwino kwambiri. Vuto lidali pena. Malo adali osakwanira, nyumba zina zili kutali ndi kwawo kwa okhalamo, ndipo ntchito yokonzekeretsa munthu moyo wakunja siimayenda mofanana paliponse.

Apa m'pamene mantha anga adasintha. Ambiri amakhalamo masabata osapitirira 12 basi. Nanga akatuluka amapita kuti? Munthu amene ali m'nyumba ija akudziwika komwe wagona, nthawi imene walowa komanso ngati waledzera. Amene watuluka wopanda pokhala n'kumagona pakhonde la sitolo ndiye palibe akumuona.

Sindinama, ndikamadutsa pamenepo usiku ndimafulumirabe. Koma aneba ena atayamba zoti tilembe kalata nyumbayo ichoke, ine sindidasaine. Chilango cha anthuwa chimatha, ndipo ayenera kukhala penapake. Chimene ndimafuna n'choti oyendera azibwera pafupipafupi, ndipo azifunsa funso limodzi mosanyengerera: amene adachoka muno mwezi watha, lero akugona kuti?