Fungo lingagoneke munthu, koma si aliyense

Kuseri kwa nyumba zambiri za ku Chitakale ndi ku Likhubula, m'boma la Mulanje, simulephera kupeza tsinde la lemoni girasi, lobzalidwa pamene amatayira madzi otsukira mbale. Kukamada, mayi amathyola masamba atatu kapena anayi, kuwamanga mfundo, n'kuwaponya m'ketulo ya madzi owira. Posakhalitsa khitchini yonse imanunkhira ngati mandimu. Ambiri amene amamwa chakumwa chimenechi amati chimawapatsa tulo tofa nato.

Sakunama, koma chinsinsi chachikulu n'chakuti udzuwu ulibe kafini. Mulanje ndi kwawo kwa tiyi kuyambira mu 1891 pamene Henry Brown anabzala mbewuyi m'bomali, ndipo lero minda ya Lujeri, Ruo ndi Mini Mini yakuta m'munsi mwa phiri. Kuno tiyi timamwa wa masamba ambiri, wodera, washuga wake, ngakhale titadya kale nsima yamadzulo. Kafini wa m'tiyi amachedwa kuchoka m'thupi: pakatha maola pafupifupi 5, theka lake limakhala likadali m'magazi. Choncho munthu amene wasiya tiyi wausiku n'kuyamba lemoni girasi wachotsa chimene chinkamusowetsa tulo, osawonongapo ndalama.

M'mashopu a ku Blantyre ndi pa WhatsApp mwabwera timabotolo ta mafuta onunkhira a lavender, chamomile ndi cedarwood, todontheza pa pilo kapena m'madzi osamba. Madokotala amene anafufuza za lavender anapeza kuti fungo lake limakhazikitsako mtima pansi, koma mphamvu yake ndi yochepa, si yochiza matenda osowa tulo. Mafutawa si akumwa, ndipo ena amawotcha khungu akapakidwa osasungunula. Wogulitsa akamalonjeza kuti kabotolo kamodzi kachiza shuga, BP ndi kusowa tulo pamodzi, mufunseni ngati mankhwala akewo akudziwika ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019.

Chimene chimandiwawa mtima ine ndi nkhani ya mkungudza. Aliyense amene anatsegulapo kabokosi kosemedwa ndi mtengo umenewu amadziwa fungo lake, limene limakhalabe ngakhale patapita zaka zambiri. Alendo amagula timabokosito kuti zovala ndi chipinda zizinunkhira. Koma mkungudza, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, umamera wokha pa phiri la Mulanje basi. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu yamoyo 7 yokha paphiri lonse. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi nthambi ya zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira, labzala mbande masauzande ambiri, koma mtengowu umatenga zaka makumi angapo kuti ukule. Phiri lomweli linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Amene akufuna fungo ngati la mkungudza adziwe kuti mafuta a cedarwood a m'mashopu amachokera ku mitengo ina, ya ku America ndi ku Morocco. Palibe chifukwa chogulira chidutswa chobedwa kuphiri.

Agogo athu ankaika mpungabwe m'nyumba pothamangitsa udzudzu, ndipo fungo lake limathandizadi kwa kanthawi. Koma pakati pa usiku limakhala litatha, udzudzu wa malungo uli m'kati moluma, choncho neti isapumitsidwe. Choopsa kwambiri ndi kufukiza masamba a bulugamu pa mbaula m'chipinda chotseka, makamaka mu June ndi July kukamazizira chiperoni. Mpweya wa makala ulibe fungo, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Palinso kusowa tulo kumene tsamba lililonse silingakuthe. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, n'kupha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo Mulanje ndi Phalombe anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Mpaka pano alipo anthu amene mvula ikangoyamba kugunda pa malata amadzuka n'kukhala tsonga mpaka mbandakucha, khutu lili kumtsinje. Ena amalota madzi, ena amafuna kachasu kuti agone. Anthu oterewa si ofooka kapena olodzedwa. Mantha a tsiku lija sanawachoke m'thupi, ndipo matenda amenewa ali ndi chithandizo. Munthu amene watha mwezi kapena kuposerapo akulephera kugona, mtima ukugunda, chakudya chisakulowa, aperekezedwe ku chipatala chachikulu cha boma ku Mulanje, ku Mulanje Mission kapena ku chipatala chaching'ono cha kwawo, akafotokoze zonse, kuphatikizapo zitsamba zimene wakhala akumwa.