Ambulera Wotsitsa Ndege Yonse

Parachuti ndiye ambulera wamkulu wa nsalu yopepuka, amene amacedwetsa munthu pakugwa kucokera m'mwamba. Kale munthu anali kumanga parachuti kumsana kwace, nalumpha kunja ndege ikaonongeka. Koma m'kandege kakang'ono mumakwera anthu anai, mwina ndi ana omwe. Kodi onsewa angalumphe bwanji pa kakhomo kopapatiza?

Amene anaganizira nkhani imeneyi ndiye Boris Popov wa ku America. M'caka ca 1975 iye anali kuuluka ndi mapiko a nsalu opanda injini, ndipo mapikowo atathyoka anagwera m'nyanja kucokera patali mamita oposa 100. Anapulumuka, ndipo m'caka ca 1980 anayamba nchito yopanga parachuti womangirira ku ndege yeniyeniyo, osati kwa munthu ai. M'caka ca 1998 anthu opanga ndege zochedwa Cirrus anaika parachuti wotere m'ndege yao yatsopano.

Parachutiyo amakhala wopindapinda m'thupi la ndege, kumbuyo kwa mipando. Pamwamba pa mutu wa woyendetsa pali cogwirira cofiira. Akacikoka ndi mphamvu, roketi yaing'ono imaphulika nicotsa civundikiro, nikokera nsalu yonse kunja m'kamphindi. Koma nsaluyo ikatambasuka yonse nthawi imodzi ingang'ambike, cifukwa ndege iri pa liwiro. Cotero anaikapo mphete yaikulu yogwira zingwe pamodzi. Mpheteyo imatsetsereka pang'onopang'ono, ambuleranso natseguka pang'onopang'ono. Pamenepo ndege imatsika yolenjekeka, anthu ali cikhalire m'mipando yao. Siitera mofewa ai, imagunda pansi ndithu, ndipo miyendo yace ndi mipando zimalandira nkhonyayo.

Mu January 2015 woyendetsa wina anali kuoloka nyanja ya Pacific kunka ku Hawaii, mafuta naleka kufika ku injini. Anakoka cogwiriraco, ndege inatsikira pamadzi, ndipo sitima yapamadzi inamtola ali wamoyo. Ndegeyo inamira.

Pamenepa ndipo pali cobvuta. Wokoka cogwiriraco adziwa kuti ndege ya ndalama zambiri idzaonongeka. Pa zaka zoyamba ena anazengereza, nayesa kutera okha, nafa parachuti ali cipindire kumbuyo kwao. Ndege ikafika pafupi ndi nthaka, nsalu iribe nthawi yotambasuka. Cifukwa cace aphunzitsi a Cirrus anasintha maphunziro ao: wophunzira amakhudza cogwiriraco ndi dzanja ndege itangokwera, kuti dzanjalo lizolowere njira.