Feteleza Wotsika Mtengo ku Mzimba: Matumba Awiri Amene Amatikhudza Mpaka Kunyanja

Usipa wathu ukauma, wina umakwera phiri kupita ku Jenda ndi pa boma la Mzimba. Galimoto zomwezo pobwerera zimatsika ndi chimanga ndi nyemba. N'chifukwa chake nkhani ya feteleza wa boma ku Champhira, ku Khosolo kapena ku Luwerezi si ya eni ake okha. Akakolola pang'ono kumtundako, ndowa ya chimanga imadula kuno, ndipo ogula nsomba zathu amachepa.

Makuponi anayamba m'chaka cha 2005, nthawi ya Bingu wa Mutharika. Mu 2020 boma la Lazarus Chakwera linabweretsa ndondomeko ya AIP, ndipo makuponi a pepala analowedwa m'malo ndi chitupa cha unzika. Chaka choyambacho thumba la makilogalamu 50 linali K4,495, ndipo opindula anaposa 3 miliyoni. Chaka chotsatira linafika K7,500, ndipo mu 2022 linali K15,000. Pofika 2023 mayina anatsika kufika pafupifupi 1.5 miliyoni. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, feteleza wa m'sitolo n'kuthawiratu anthu amene mayina awo anachotsedwa.

Wopindula amayenera kugula matumba awiri: NPK wokulitsa ndi Urea wobereketsa, okwana pafupifupi ekala imodzi. Koma mbewu sidikira munthu. Wokulitsa amafunika pobzala kapena chimanga chikangomera, wobereketsa patatha masabata atatu kapena anayi. Mvula ku Mzimba imayamba kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Ndiye thumba lofika mu Febuluwale, chimanga chitayamba kale kumasula, lithandiza chiyani? Dothi la madera ambiri kumeneko ndi lamchenga, lotopa, losabereka popanda chothira.

Mavuto a pamalo ogulitsira tonse timawadziwa: netiweki yavuta, lero kuli Urea yekha, bwerani mawa. Mayi wochokera kutali agone pamzere masiku awiri, ana atawasiya ndi agogo. Apa ndi pamene mavenda amalowera. Amabwera ndi ndalama m'manja m'miyezi ya njala, n'kutenga chitupa cha mlimi kuti akagulire feteleza yemwe adzamugulitse pamtengo wokwera. Sitikuweruza wogulitsayo, pakuti njala ya lero imapweteka, koma amene amakolola pamenepo ndi venda.

Mzimba ilinso ndi nkhani yakeyake. Abambo ndi anyamata ambiri ali ku Joni. Banja limene limalandira ndalama kuchokera ku Johannesburg limatha kugula feteleza m'sitolo mvula isanagwe. Banja la mayi wamasiye, lopanda mwana kunja, limangoyang'ana mndandanda wa boma. Minda iwiri yoyandikana, wina wobiriwira bii, wina wachikasu.

Alimi ena asiya kudikira. Alangizi akhala akuphunzitsa manyowa a Mbeya: feteleza pang'ono wosakaniza ndi ndowe, madeya ndi phulusa, n'kumanga m'thumba kwa masiku 21. Ng'ombe ku Mzimba zilipo, choncho ndowe sizisowa. Ena akubzala soya ndi mtedza mosinthana ndi chimanga kuti nthaka ibwerere. Ife a m'mphepete mwa nyanja tili ndi chinangwa chotipulumutsa, koma amene timalimako chimanga tingayese njira zomwezi, poti madeya ndi phulusa tili nazo pakhomo.